Kusankha Malo Ojambulira Zithunzi za Citomero mu Mzinda wa Santa Fe

Mnyamata ndi mtsikana akatomerana m'dziko la America, pali mwambo umodzi umene ambiri saulumpha. Kutatsala miyezi ingapo kuti ukwati ucitike, amaitana wojambula zithunzi napita naye kumalo amene iwo eni asankha. Zithunzi zimenezo ndizo zimaikidwa pa makalata oitanira abale ku ukwati, ndipo zina zimakhala pakhoma mpaka adzukulu atabadwa. Mwezi uno tikutengani, owerenga athu, kunka ku Santa Fe, likulu la cigawo ca New Mexico, kuti tikaone mmene otomerana a kumeneko amasankhira malo. Mzindawu ndi wokongola kwambiri, mwakuti mlendo angayese kuti paliponse mpabwino. Koma amene amaudziwa amayamba adzifunsa kuti dzuwa lidzakhala pati, malowo mwini wake ndani, ndiponso ngati malowo ali ndi mbiri yogwirizana ndi cimene iwo awiri akukondwerera.

Mzinda wa m'cipululu ca pamtunda

Santa Fe ali pamtunda wa mamita oposa 2,100 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo mu United States mulibe likulu lina la cigawo lokwera kuposa limeneli. Lusaka, amene ife timati ali pamtunda, sakwana mamita 1,300. Mvula ya caka conse imangopitirira pang'ono mamilimita 350, motero dzikolo ndi la miyala, dothi lofiirira ndi timitengo tatifupi tosayoyola masamba. Anthu a ku Spain anakhazikitsa mzindawu mu 1610, m'dziko limene anthu a mitundu ya Pueblo anali kukhalamo kale, naucha dzina lotanthauza "Cikhulupiriro Coyera". Cakum'mawa kuli mapiri a Sangre de Cristo, ndiye kuti "Magazi a Kristu", amene nthawi zina amafiira psuu dzuwa likamalowa.

Nyumba za pakati pa mzinda nzomangidwa ndi njerwa zosaocha, kapena nzomatidwa kuti zioneke conco. Lamulo la mzinda la mu 1957 ndilo limasunga kamangidwe kakaleka m'dera limenelo. Makoma a mtundu wa dothi, zitseko zopakidwa utoto wa buluu, ndi mikoko ya tsabola wofiira yolendewera pakhonde, ndizo zimakopa ojambula.

Dzuwa ndi nyengo

Pamtunda potero mpweya ndi wouma ndi wopepuka, ndipo dzuwa limawala mwaukali. Wojambulidwa masana amatsinzina, pansi pa maso ndi pa mphuno pamagwa mithunzi yakuda, nkhope ya mtsikana wosangalala nkuoneka ngati ya munthu amene wacezera pamaliro. Ncifukwa cake ojambula amadikira ola lomaliza dzuwa lisanalowe, kapena ola loyamba litangotuluka, pamene kuwala kumabwera cam'mbali ndipo makoma a dothi amaoneka ngati uci. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Dzuwa likangolowa kumazizira msanga, coco wanzeru amanyamula juzi ngakhale m'miyezi yotentha.

Mwezi uliwonse uli ndi zake. Mu Malichi ndi Epulo kumaomba mphepo ya fumbi imene imasokoneza tsitsi ndi zovala. Mu Julaye ndi Ogasiti mvula ya mabingu imakonda kugwa dzuwa litapendeka. Mitambo yake imakongoletsa cithunzi, koma nyengo imeneyi ili ndi ngozi. Makwawa ouma, amene kumeneko amawacha arroyo, amadzaza mwadzidzidzi ndi madzi ocokera kumapiri, ngakhale pamalopo pasanagwe dontho. Pansi pa khwawa sipoimapo mitambo ikada, ngakhalenso pamwamba pa citunda pamene mphezi zikung'anima.

Kumapeto kwa Seputembala ndi kuciyambi kwa Okutobala masamba a mitengo ya aspen amasanduka acikasu phiri lonse. Otomerana ambiri amakwera ndi msewu wa Hyde Park kukafika pamalo ochedwa Aspen Vista, pamtunda wa mamita pafupifupi 3,000. Kukongolako sikukhalitsa, pakapita masabata owerengeka masamba amakhala atayoyoka. Mlendo wocokera kucigwa akakwera tsiku lomwe wafika amapuma mwawefuwefu ndipo mutu umamupweteka. Ndi bwino kuyamba wakhala masiku awiri mumzinda, kumwa madzi ambiri, ndi kunyamula nsapato zoyendera pamiyala.

Malowo mwini wake ndani?

Funso limeneli ndilo ambiri amaliiwala. Msewu wa Canyon Road uli ndi nyumba zambiri zogulitsiramo zojambulajambula ndi zosemasema, ndipo makoma ake ndi zipata zake zimaoneka m'zithunzi za citomero zosawerengeka. Komatu cipata ciliconse cili ndi mwini wake, ndipo pakati pa masitolowo pali nyumba zokhalamo mabanja. Kuima mumsewu kulibe mlandu. Kulowa pabwalo la munthu osaodira ndi cipongwe kumeneko monga kulikonse.

Pabwalo lalikulu la mzinda pali nyumba yakale ya abwanamkubwa, Palace of the Governors, imene pakhonde pake pamakhala eni dziko akugulitsa mikanda ndi zibangiri zasiliva zopanga okha. Anthuwa ali panchito, ndipo sanakhalire pamenepo kuti akongoletse cithunzi ca wina. Wofuna kuti aonekemo ayambe wapempha. Mu Ogasiti, pa msika waukulu wa Indian Market, bwaloli limadzaza mwakuti pojambulirana sipapezeka.

Kunja kwa mzinda nkhaniyi imakula. Mu New Mexico muli midzi 19 ya anthu a Pueblo, uliwonse ndi utsogoleri wake ndi malamulo ake. Midzi ina imalipiritsa cilolezo cojambula, ina imaletseratu, makamaka pa magule ndi pa malo awo opatulika. Miyala yosongoka ngati matenti ya ku Kasha-Katuwe, imene munthu amaifika podzera m'dziko la anthu a ku Cochiti, inatsekedwa mu 2020. Inatsegulidwanso kumapeto kwa 2024, koma ofuna kupitako ayenera kulembetseratu ndi kugula cilolezo ca mudziwo. Matanthwe ofiira a ku Ghost Ranch, pafupi ndi Abiquiú, amene anachuka ndi zojambula za Georgia O'Keeffe, ali pa makilomita pafupifupi 100 kucokera mumzinda, ndipo nawonso ali ndi eni ake oyenera kufunsidwa. Otomerana amene abvala bwino, alipira wojambula, ayenda ulendo wonsewo nkukabwezedwa pacipata, amakumbukira mocedwa kuti safunsa anadya phula.

Machalichi ndi mtanda wa pacitunda

Malo ambiri okongola mu Santa Fe ndi a cipembedzo. Chalichi cacikulu ca Fransisko Woyera wa ku Assisi cinayamba kumangidwa mu 1869, pa nthawi ya Ambuye Jean-Baptiste Lamy, ndipo Papa Benedict XVI anacikweza kukhala basilika mu 2005. Khomo lake linayang'ana kumadzulo, coco madzulo miyala yake imawala bwino. Pabwalo pake pali cifanizo ca Kateri Tekakwitha, mtsikana wa mwa eni dziko la America amene analengezedwa kukhala woyera mu 2012. Chalichici ncopemphereramo tsiku ndi tsiku. Ofuna kujambulidwa pamakwerero ake afunse nthawi za Misa, za maukwati ndi za maliro, kuti asatsekereze khomo pamene ena akutulutsa bokosi.

Capafupi pali kachalichi ka Loretto, kamene kanatha kumangidwa mu 1878. Mkati mwake muli makwerero 33 amatabwa, ozungulira kawiri popanda mzati wapakati. Masisitere anali kusimba kuti atacita novena kwa Yosefe Woyera kunabwera mmisiri wosadziwika amene anawapangira, nacoka osalandira malipiro. Ofufuza mbiri ena amati mmisiriyo anali François-Jean Rochas wa ku France. Akatolika ayenera kudziwa kuti kuyambira mu 1971 nyumbayi ili m'manja mwa eni ake apadera ndipo sikhalanso chalichi ca Mpingo. Anthu amalipira polowa, ndipo ena amacita lendi kuti akwatiranemo. Amene waikonda pa cithunzi ayambe wakambirana ndi wansembe wa parishi yake asanaganize zomangitsiramo ukwati.

Pacitunda ca kumpoto kwa bwalo lalikulu pali mtanda woyera wochedwa Cross of the Martyrs. Munthu akaima pamenepo amaona mzinda wonse ndi kulowa kwa dzuwa, ndipo ojambula amapakonda. Mtandawo umakumbutsa amishonale 21 a cipani ca Fransisko amene anaphedwa mu 1680, pamene anthu a Pueblo anaukira atsamunda a ku Spain cifukwa ca nchito yathangata ndi kuletsedwa kwa miyambo yawo. Mbali zonse ziwiri zinataya anthu. Sitikuti otomerana asafikepo, koma adziwe pamene aima, ndipo kaimidwe kawo kakhale kaulemu.

Cimene adzukulu adzafunse

Cithunzi ca citomero cimakhalitsa kuposa zovala zimene zili m'menemo. Patapita zaka makumi anai mdzukulu adzaloza pakhoma nadzafunsa kuti, "Agogo, apa mpati?" Ena adzangoyankha kuti ndi khoma lina limene wojambula analikonda. Ena adzati ndi pakhonde pa amai, pamene abale a mbali ziwiri anayamba kudyera pamodzi, kapena ndi pabwalo la parishi pamene awiriwo anaonana koyamba. Malo otere safuna cilolezo cogula, ndipo dzuwa la madzulo limawalapo mofanana ndi ku Ghost Ranch.

Madayosizi ambiri a ku America amapempha otomerana kuti akaonane ndi wansembe kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, kuti aphunzire za sakramenti la ukwati. Ojambula nawonso amafuna kuuzidwa nthawi ikadalipo, makamaka pa nyengo ya masamba acikasu. Ife tikuona kuti tsiku la kwa wansembe ndilo liyambe kulembedwa. Likadziwika limenelo, awiriwo angasankhe mwezi ndi ola la zithunzi, nakagogoda kwa mwini malo mitima ili m'malo.