Kumene Dzina la Katswiri Limachokera

Munthu woyenda pansi kuchokera ku Kawale, kudzera ku Chilinde mpaka kukalowa mu Area 23 mumzinda wa Lilongwe, amawerenga zikwangwani zambiri asanafike kumene akupita. Pampanda wa njerwa palembedwa za katswiri wokonza mafoni. Pamtengo pakhomedwa lata lonena za katswiri wowotcherera zitseko ndi mawindo. Patsogolo pang'ono pamatidwa pepala la aphunzitsi a makalasi apadera, lolonjeza kuti mwana aliyense wolembetsa kumeneko adzakhoza mayeso a Fomu 4 popanda chikayiko. Mawu akuti katswiri atchipa ngati mango a mu Disembala, pakuti aliyense wokhala ndi utoto ndi burashi angathe kudzipatsa dzinalo tsiku limodzi.

Zimenezi zili ndi gwero lake. Kumudzi, mmisiri safuna chikwangwani. Anthu adamuona akukula, amadziwa amene adamuphunzitsa, ndipo nkhokwe kapena mtondo umene adapanga zaka khumi zapitazo ulipobe kuti umuchitire umboni. Mumzinda zinthu n'zosiyana. Chiyambire 1975, pamene Lilongwe idakhala likulu la dziko m'malo mwa Zomba, anthu akhala akukhamukira kuno kuchokera m'maboma onse, kotero kuti kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318 mumzindawu. M'madera monga Area 23, Biwi, Chinsapo, Area 25 ndi Mgona, anthu oyandikana nyumba kawirikawiri sadziwana kochokera. Mmisiri watsopano alibe malume womuchitira umboni, tsono amalemba yekha umboni wake pakhoma. Vuto n'lakuti wodziwa ntchito ndi wosadziwa amagula utoto m'sitolo imodzimodzi.

Pa ntchito ya uphunzitsi nkhaniyi ndi yolemera kwambiri, chifukwa kholo likalakwitsa posankha, chimene chimaonongeka ndi zaka za mwana. M'chaka cha 1994 boma lidachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo ana olembetsa adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Patapita zaka zochepa, khamu limenelo lidayamba kugogoda pamakomo a sukulu za sekondale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 malo ophunzirirapo a MCDE adasandutsidwa sukulu za sekondale zoyendera za m'madera, zimene zimatchedwa CDSS, ndipo sukulu za anthu wamba zidaphuka m'makwalala ambiri. Pamodzi ndi zimenezi padabadwa msika wa makalasi apadera. Mayi wogulitsa mandasi amadzimana kuti alipirire mwana wake maphunziro a masamu madzulo, koma alibe muyeso wodziwira ngati amene akulandira ndalamayo amadziwadi masamuwo.

Pamsika wotere pamapezekanso ena amene amatchuka chifukwa cha mbiri yakuti amapeza mafunso mayeso asanalembedwe, chinthu chimene ana asukulu amachitcha likasa. Mapeto a kutchuka kwa mtundu umenewu adaoneka mu Novembala 2020, pamene mayeso a MSCE adathetsedwa ali m'kati chifukwa mapepala adabedwa, ndipo ophunzira m'dziko lonse, olakwa ndi osalakwa omwe, adayenera kulembanso mu Januwale 2021. Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Nanga tsono mphunzitsi woona mtima, amene afuna kuti mawu ake azimveka pakati pa anzake, pakati pa makolo ndi kwa akuluakulu a zamaphunziro, adzere njira iti? Mbiri ya dziko lino ili ndi anthu awiri amene moyo wawo uyankha funsoli momveka bwino.

Woyamba ndi Bambo Samuel Josia Nthara, amene adabadwa m'chaka cha 1905 ndi kumwalira mu 1976. Iwowa adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo adalibe digiri ya yunivesite. Buku lawo lotchedwa Nthondo lidapata mphoto pampikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, lidasindikizidwa mu 1933, ndipo chaka chotsatira lidatuluka m'Chingerezi atalimasulira Bambo T. Cullen Young. Koma ntchito imene idakhazikitsa dzina lawo pakati pa akatswiri a mbiri yakale ndi Mbiri ya Achewa, buku limene adalilemba atakhala pansi ndi mafumu ndi nkhalamba, kufunsa, kumvetsera ndi kulemba zimene adamva. Bukuli lidamasuliridwa m'Chingerezi mu 1973, ndipo kufikira lero wofufuza mbiri ya Akalonga ndi Amaravi amayenera kuliwerenga, ngakhale pamene afuna kutsutsana nalo. Mphunzitsi wa sukulu ya mishoni adasanduka munthu amene mapulofesa amamutchula, chifukwa adasunga papepala zimene anzake ankangozimva ndi kuziiwala.

Wachiwiri ndi Bambo Desmond Dudwa Phiri, odziwika kwa onse kuti D.D. Phiri, amene adabadwira m'boma la Mzimba mu 1931 ndi kumwalira mu 2019. Maphunziro awo apamwamba adawapeza podziwerengera okha ndi kuphunzira kudzera m'makalata, mpaka adalandira digiri ya zachuma ya University of London. Atasiya ntchito ya boma mu 1976 adatsegula sukulu yophunzitsa kudzera m'makalata ya Aggrey Memorial ku Blantyre, dzina limene lidali lokumbukira Dr James Aggrey, mphunzitsi wotchuka wa ku Gold Coast amene adacheza m'dziko lino mu 1924. Bambo Phiri adalemba mabuku a mbiri ya John Chilembwe, Inkosi Gomani II, James Frederick Sangala ndi Dunduzu Chisiza, kenaka mbiri ya dziko lonse la Malawi m'mabuku awiri. Kuwonjezera apo, kwa zaka zambiri nkhani zawo za chuma ndi mbiri yakale zinkatuluka m'nyuzipepala sabata ndi sabata. Sikuti onse ankagwirizana nawo. Ena ankawatsutsa poyera, iwo n'kuyankha poyeranso. Koma pakabuka mkangano wokhudza Chilembwe kapena Angoni, anthu ankafuna kumva kuti a D.D. Phiri anenapo zotani.

Poyang'ana anthu awiriwa, pali zinthu zinayi zimene adafanana. Choyamba, aliyense adasankha munda wake n'kuulima mpaka kumalire. Chachiwiri, adayamba ndi kufunsa ndi kuwerenga, kulankhula kudadza pambuyo. Chachitatu, adaika zimene adadziwa pamalo poti aliyense angathe kuziyesa ndi kuzitsutsa. Chachinayi, adapirira pantchitoyo zaka makumimakumi. Dzina la ukatswiri lidawapeza ali kalikiliki ndi ntchito, ndipo amene adawapatsa dzinalo ndi anthu amene adathandizidwa ndi ntchitoyo.

Wina anganene kuti zimenezo ndi za anthu olemba mabuku, osati za mphunzitsi wa ku Area 23 amene amaima pamaso pa kalasi lodzaza mpaka pakhomo, choko m'manja, mabuku osakwanira. Koma mphunzitsi ameneyu ali ndi chuma chimene pulofesa wa ku Zomba alibe. Chaka ndi chaka amaona ndi maso ake pamene ana amapunthwa. Amadziwa kuti mwana amene amaganiza m'Chichewa amasokonezeka pati akakumana ndi funso la sayansi lolembedwa m'Chingerezi, ndiponso kuti mwana amene amatunga madzi m'mamawa asanapite kusukulu amalephera ntchito yakunyumba ya mtundu wanji. Aphunzitsi ambiri amazidziwa zimenezi, amazikamba popuma, kenaka amapuma nazo pantchito popanda wozilemba. Amene angagule kope limodzi n'kumalembamo zolakwa zimene ana ake amabwerezabwereza pa mutu uliwonse, pamodzi ndi njira imene adayesa pozikonza ndi zimene zidatsatira, pakutha pa zaka zisanu adzakhala ndi chinthu chofanana ndi chimene Bambo Nthara adatola kwa nkhalamba.

Njira zotulutsira nzeru zoterezi zilipo kale. Bungwe la MANEB, limene lidakhazikitsidwa mu 1987, limagwiritsa ntchito aphunzitsi pochonga mayeso, ndipo akuluakulu a ochonga amalemba malipoti ofotokoza pamene ophunzira adalakwitsa. Mphunzitsi amene amawerenga malipotiwo ndi kuwayerekeza ndi kope lake amalankhula zinthu zogwirika pamsonkhano. Sukulu zoyandikana zimakumana m'magulu kuti zikonze mayeso oyeserera ndi kugawana luso. Aphunzitsi a masamu ndi sayansi akhala akusulidwa kudzera m'ndondomeko ya SMASSE, imene idayamba mu 2004 ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo ena mwa osula anzawo amatengedwa pakati pa aphunzitsi omwewo. Ku Domasi, bungwe la Malawi Institute of Education limaitana aphunzitsi pokonza silabasi ndi mabuku. Pamalo onsewa, amene amakumbukiridwa ndi kuitanidwanso ndi uja adabwera atakonzeka, adamaliza gawo lake panthawi yake, ndipo adalola kuti anzake akonze zimene adalemba.

Masiku ano palinso wailesi zambiri, Facebook ndi magulu a WhatsApp, momwe mphunzitsi angafikire ana zikwizikwi ali khale pakhonde pake. Zipangizozi n'zabwino, koma zimakweza mawu a wanzeru ndi a wopusa mofanana. Mphunzitsi amene amagawa manotsi olondola, olembedwa dzina lake, amadziika pamayeso tsiku lililonse, pakuti cholakwa chilichonse chidzaonedwa ndi anzake. Kumeneko ndiye kumanga dzina. Koma amene amatola manotsi a mnzake, kufufuta dzina la mwiniwake n'kulembapo lake, amamanga nyumba pamchenga, chifukwa tsiku lina mwana adzamufunsa funso limene lili kuseri kwa pepalalo.

Lamulo lomweli limagwira ntchito kwa amisiri a ntchito zamanja. Kalipentala amene mipando yake idakali yolimba m'nyumba za anthu patapita zaka khumi safunikanso kukuwa, pakuti aliyense wokhalapo amafunsa amene adaipanga. Telala amene amauza kasitomala poyera kuti nsalu wabweretsayo siyikwana, m'malo molandira ndalama n'kusoka chovala chothina, amataya ntchito ya tsiku limodzi koma amapindula banja lonse la kasitomalayo. Mmisiri amene amaphunzitsa anyamata ntchito mosabisa kanthu amaopa kuti akudzichulukitsira opikisana nawo, komatu mnyamata aliyense wotuluka m'manja mwake amanyamula dzina la mphunzitsi wake kupita nalo ku Mchesi, ku Area 36 kapena ku Kasungu.

Nanga mapepala a sukulu? Ameneyo ndi ofunika, ndipo palibe ayenera kuwanyoza. Dotolo sangagwire odwala osalembetsa ku Medical Council of Malawi. Lamulo la zamaphunziro la 2013 lidakhazikitsa bungwe la Teachers Council of Malawi kuti lizilembetsa aphunzitsi, ndipo bungwe la TEVETA lakhala likuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira 1999. Mabungwe amenewa amateteza anthu kwa achinyengo. Koma setifiketi imangotsimikiza kuti munthu adafika pamuyeso woyenera kuti ayambe ntchito. Aphunzitsi awiri angathe kukhala ndi digiri yofanana, yochokera ku koleji imodzi, koma patapita zaka khumi ndi zisanu wina n'kukhala wofunsidwa ndi chigawo chonse, mnzake akuwerengabe manotsi omwe adalemba chaka chake choyamba.

Pali misampha iwiri imene imakola ngakhale anthu aluso. Woyamba ndi kufuna kuyankha chilichonse. Munthu akayamba kudziwika, anthu amamufunsa za ndale, za matenda, za mpira ndi za malamulo, ndipo mtima umamuuza kuti akanena kuti sakudziwa atsika ulemu. Chikhalirecho, mawu akuti "zimenezo kafunseni akutiakuti" ndi amene amachititsa anthu kukhulupirira zimene iye wanena pa za munda wake. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Msampha wachiwiri ndi changu chobwera ndi umphawi. Malipiro akachepa, lendi ikukwera, munthu amakopeka kulonjeza zimene sangathe, kapena kudzaza ana m'chipinda cha makalasi apadera kuposa amene angawathandize. Ndalama ya mwezi umenewo imapezeka, koma zotsatira za mayeso zikatuluka makolo amakambirana pamjigo, kumsika ndi kutchalitchi, ndipo mbiri yoipa imayenda mofulumira kuposa minibasi.

Kunena zoona, njira yoongokayi ndi yaitali, ndipo siilonjeza chuma. Nthawi zina wolimbikira amapitiriridwa pokweza maudindo, ndipo nsanje ya anzake imamutsata. Koma chimene amapeza n'chovuta kumulanda. Akasamutsidwira kusukulu ina, mbiri yake imafika iye asanafike. Akapuma pantchito, ana amene adawaphunzitsa amamubweretsera ana awo.

Makolo nawonso ali ndi mbali yawo, pakuti ndiwo amene ndalama zawo zimalemeretsa akatswiri a pachikwangwani. Asanalipire, ayenera kufunsa mafunso osavuta. Kodi mphunzitsiyu wakhala akuphunzitsa phunziroli zaka zingati, ndipo kuti? Kodi alipo makolo ena m'dera lomweli amene ana awo adadzera m'manja mwake? Kodi amachonga ntchito ya mwana ndi kulembamo pamene walakwitsa, kapena amangolemba pabolodi n'kutuluka? Kodi patatha mwezi umodzi angathe kufotokoza mwatchutchutchu pamene mwanayo akufooka? Mphunzitsi weniweni amakondwera ndi mafunso otere, ndipo amatulutsa makope a ana kuti kholo lidzionere lokha. Amene amakwiya nawo, kapena kuyankha ndi malonjezo okhaokha, wayankha kale funso lalikulu, ndipo kholo lanzeru libweze ndalama yake m'thumba.