Munsi wa silikoni ndi makaka ake

Amene anaonapo mayi akudula chinangwa kuti ayanike makaka waona kale theka la ntchito yopanga matchipi a m'foni. Ku fakitale amatenga silikoni wobulungira ngati munsi, n'kumudula timagawo topyapyala totchedwa wafer, ndipo pa kagawo kamodzi amakhomapo matchipi ambirimbiri. Kudulako sikuvuta kumva. Nkhani yagona pa munsiwo.

Silikoni wosungunuka ukangomusiya kuti azizire yekha, maatomu ake amakhala timagulu toyang'ana uku ndi uku, ngati njerwa zongokhuthula m'ngolo. Magetsi amapunthwa m'malire a timaguluto. Chofunika ndi khoma la mmisiri wotsata chingwe, njerwa iliyonse pamzere wake.

Njira yomangira khomalo inatulukira ku Berlin mu 1916. Akuti Jan Czochralski, katswiri wa zitsulo wa ku Poland, anaviika cholembera mu tini wosungunuka poyesa ndi inki. Pochizula, kaulusi kowuma kanatsatira. Ganizani za therere: ukaviika mbamu n'kukweza dzanja, limalondola. Kungoti chitsulo chimauma chikamakwera, therere ayi.

Nzeruyi inakhala m'nkhokwe zaka zoposa 30. Transistor (kachipangizo kowongolera magetsi kamene kamadzaza m'matchipi) yoyamba, ya ku Bell Labs mu 1947, inali ya germanium osati silikoni, ndipo Gordon Teal wa komweko ndiye anaumirira kuti germaniumyo azikokedwa mwa njira ya Czochralski. Koma germanium ndi wamanyazi, kukangotentha pang'ono amasokonezeka. Silikoni amapirira, ngakhale kuti n'ngwamakani: sasungunuka mpaka madigiri 1,414, ndipo amatola litsiro ngakhale la mphika womwe akuphikidwamo. Teal atasamukira ku Texas Instruments anamugonjetsa, ndipo mu 1954 kampaniyo inayamba kugulitsa ma transistor a silikoni.

Kakokedwe kake ndi kamene kamandigometsa. Amatsitsa kambewu ka silikoni wolongosoka kale mpaka kakhudze phala la silikoni wosungunuka, n'kumakakweza pang'onopang'ono uku kakuzungulira. Maatomu amaonera pa kambewuko n'kufola chimodzimodzi. Ukapupuluma munsi umawonda, ukazengereza umanenepa.

Cha mu 1960 ma wafer anali a mamilimita pafupifupi 25, ngati ndalama yachitsulo. Lero ndi 300, kukula ngati mbale ya nsima, ndipo munsi wolemera kuposa matumba awiri a chimanga umakwera utalendewera pa kakhosi kowonda kuposa pensulo.