Ubweya wa nkhosa: msika watsopano umene unaliza alimi a ku Lesotho

Kuno kwathu nkhosa timaziweta cifukwa ca nyama, ndipo zambiri ubweya wake ndi waufupi, wosati n'kumeta. Koma kwa anzathu a ku Lesotho, dziko la mapiri lozingidwa ndi South Africa mbali zonse, ubweya ndiwo thonje lawo. Amameta nkhosa za mtundu wa Merino ndiponso mbuzi za Angora, zimene ubweya wake umachedwa mohair. Pa mohair, Lesotho ndi yaciwiri pa dziko lonse, kutsatira South Africa. Kumidzi ya kumapiri, kumene cisanu cimapha mbewu, ndalama za sukulu ya ana zimacokera pamsana pa nkhosa.

Kwa zaka zoposa 40 njira inali yodziwika. Mlimi akameta ku shedi, ubweya unali kusankhidwa magiredi poona kusalala ndi kutalika kwake, kumangidwa m'mabelo, ndi kutumizidwa ku Port Elizabeth, mzinda umene lero ndi Gqeberha. Kumeneko kampani ya BKB inali kuugulitsa pa okushoni. Ubwino wa okushoni ndi wakuti ogula ambiri amalimbirana belo limodzi, ndiye mtengo umakwera.

Boma la nduna yaikulu Thomas Thabane silinakondwe ndi njirayi. Linati ndalama za mayendedwe, za komishoni ndi nchito zonse zikutsalira kutsidya kwa malire. Dandauloli tikulimva, pakuti ngakhale mabulangete ochuka aja amene Abasotho amafunda amawombedwa ku Randfontein, m'dziko la South Africa.

Tsono mu 2018 boma linaika lamulo loletsa kutulutsa ubweya kunja ngati sunagulitsidwire m'dziko momwemo. Alimi onse anayenera kupita nao ku Lesotho Wool Centre ku Thaba Bosiu, malo amene anali kuyendetsedwa ndi munthu wamalonda wa ku China, Stone Shi. Lonjezo linali lakuti ubweya udzafika kwa ogula a kunja mosadzera mwa wina, ndipo mlimi adzalandira zoculuka.

Zinthu sizinayende tero. Mabelo anaunjikana m'nyumba yosungiramo, ndipo alimi ambiri anakhala miyezi osaona ndalama zao. Ena atalandira anapeza kuti n'zocepa kuposa za kale. Mlimi wa thonje wa ku Katete kapena ku Lundazi sitifunika kumufotokozera kuwawa kwake: katundu wapita, pepala la sikelo uli nalo m'thumba, koma mwana wabwezedwa kusukulu. Nkhosa nazo sizidikira. Zimafuna mankhwala ndi cakudya ca m'nyengo yozizira, ndipo mbusa amene amagona nazo kuphiri amafuna malipiro ake.

Ife tikuona kuti colakwa cacikulu sicinali kufuna msika wina ai. Colakwa cinali kutseka khomo lakale msika watsopano usanayesedwe, ndi kusiya alimi zikwizikwi m'manja mwa munthu mmodzi. Mwini nkhosa, amene ndiye anali kudzaluza zinthu zikavuta, sanapatsidwe mpata wosankha.

Mu June 2019 alimi anatsika m'mapiri ndi kuguba m'misewu ya Maseru, kufuna kuti lamulo licotsedwe. Mu November caka comweco nkhaniyi inafika pomenyanitsa aphungu zibakera m'Nyumba ya Malamulo. Boma linafewetsa lamulo caka comweco, ndipo alimi analoledwanso kugulitsa kumene afuna. Ambiri anabwerera ku okushoni yao yakale. A Thabane anatula pansi udindo mu May 2020, ngakhale kuti cinawacotsa ndi nkhani zina.

Komabe tisaganize kuti njira yakaleyo ilibe minga. Ubweya woposa 70 peresenti wogulitsidwa ku South Africa umapita ku dziko limodzi, China. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi atagwira ng'ombe, China inaleka kulandira ubweya wa ku South Africa mu 2019, ndiponso kucokera mu April kufika mu August 2022. Lesotho ilibe doko lake, motero mabelo ake amadzera pa madoko omwewo a South Africa.