Pamene Bwenzi Likuitana ku Karate kapena Judo

Makolo ambiri a ku Chibavi, Zolozolo, Katoto ndi madera ena a mzinda wa Mzuzu amadzidzimuka mwana akafika pakhomo ndi mawu akuti mnzake wamuitana kukayesa karate. Nkhaŵa yawo ndi yomveka. Ambiri a ife tidayamba kudziŵa maseŵeraŵa m'mafilimu a Bruce Lee, amene adamwalira mu 1973, ndipo zimene tidaona zinali nkhonya, mateche ndi kubwezera. Tsono funso limabuka: kodi mwana wa Mkhristu ali nacho chochita kumalo otere?

Tiyambe ndi kumene maseŵeraŵa adachokera. Judo adaiyambitsa ndi Jigoro Kano ku Tokyo m'chaka cha 1882. Iyeyu anali mphunzitsi, ndipo adachotsamo njira zoopsa za kumenyana kwakale kuti ana asukulu aziseŵera osavulazana. Dzinalo litanthauza njira yofatsa. Karate idakulira pachilumba cha Okinawa, ndipo Gichin Funakoshi adakaionetsa ku Tokyo mu 1922. Dzina lake litanthauza dzanja lopanda chida. Funakoshi ankalimbikira kuphunzitsa kuti wodziŵa karate sayamba ndiye kumenya mnzake. Judo idaloŵa m'maseŵera a Olympic mu 1964, ndipo pamaseŵera a ku Tokyo a mu 2021 mtsikana wa kuno kwathu, Harriet Bonface, adaimira Malaŵi pa judo.

Amene aloŵa m'kalasi ya judo tsiku loyamba amadabwa, pakuti phunziro loyamba si kugwetsa mnzake koma kugwa: kubweza chibwano pachifuwa kuti mutu usagunde pansi, ndi kumenya mphasa ndi mkono kuti thupi lisapweteke. Wa karate amabwereza mayendedwe amodzimodzi kambirimbiri asanaloledwe kuyang'anana ndi mnzake. Onse amayamba ndi lamba woyera, ndipo wakuda amadza patapita zaka. Mnyamata wofuna kukaopseza anzake kumsika amatopa msanga, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mpingo wathu sudayambe lero kulera ana mwa kulimbitsa thupi. Boys' Brigade idabadwira mu Free Church of Scotland, mpingo womwewo umene udatuma amishoni a Livingstonia mu 1875. William Alexander Smith adaiyambitsa ku Glasgow mu 1883 ataona kuti anyamata osamvera a Sande sukulu amasintha akaphunzira kuguba ndi kusunga mwambo. Pa 1 Timoteo 4:8 Paulo avomereza kuti kulimbitsa thupi kuli ndi phindu, ngakhale kupembedza kupambana. Miyambo 16:32 iika munthu wougwira mtima pamwamba pa ngwazi yolanda mzinda. Umenewu ndiwo muyeso wathu: kalasi yabwino imabweza mwana ali wofatsa kuposa m'mene adapitira.

Kwa inu achinyamata amene mufuna kuitana mnzanu, dziŵani kuti kuitana ndi udindo. Musamunyengerere ndi malonjezo akuti adzatha kumenya aliyense. Muuzeni zoona: miyendo idzaŵaŵa, ndipo m'kuzizira kwa Mzuzu kwa mwezi wa June kuvula nsapato si chinthu chapafupi. Pitani kwa makolo ake mukapemphe mwaulemu, musamtenge mozemba. Muloleni ayambe waonerera. Akakana, ubwenzi usathe, ndipo musamutche wamantha. Filipo poitana Natanaele sadalimbane naye. Adangomupempha kuti akadzionere yekha.

Kwa ife makolo, kukaniza kapena kuvomera tili pampando sikukwanira. Tipite nawo tsiku loyamba. Tione ngati mphunzitsi alanga ndi ndodo kapena aongola ndi mawu, ngati aphatikiza ana molingana msinkhu ndi kulemera, ndiponso ngati atsikana aphunzira poyera pamaso pa akulu ena. Tifunse za malipiro ndi nthaŵi, kuti homuweki, ntchito zapakhomo ndi mapemphero a Lamulungu zisaphwanyidwe. Kuŵerama kumene ophunzira amachita ndi moni wa ku Japan, monga ife tiombera m'manja pamaso pa akulu. Koma mphunzitsi akayamba kunena za zithumwa, mphini zolimbitsa nkhonya kapena kupembedza kwina, timtenge mwana wathu tibwerere naye, ndipo makolo a mnzake uja tiŵadziŵitse, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Pakatha miyezi itatu tikhale pansi ndi ana onse aŵiri, woitana ndi woitanidwa. Tifunse aphunzitsi akusukulu ndi abale awo apakhomo. Ngati ndeu zachepa, kudzuka m'maŵa kwafulumira, ndipo wamng'ono m'nyumba saopa mkulu wake, tiŵalole apitirize, ndipo tiyamike Mulungu chifukwa cha bwenzi lotere.