Dzino Lachitatu la Pulagi

Tengani pulagi ya ketulo kapena ya simbi, yozulidwa kale pakhoma, ndipo muiyang'anitsitse. Kaya mano ake ndi a ngodya zinayi monga a ku Britain ndi m'nyumba zambiri za ku Zimbabwe, kaya ndi obulungira monga a ku South Africa, muona kuti alipo atatu. Lapamwamba ndi lalitali kuposa anzake. Dzino limeneli siliwiritsa madzi ayi. Ntchito yake ndi kutchinjiriza moyo wa munthu.

M'kati mwa chingwe muli mawaya atatu. Wabulawuni amabweretsa magetsi, wabuluu amawabweza. Wachitatu, wamizere yobiriwira ndi yachikasu, amalumikiza thupi lachitsulo la chipangizo ndi nthaka. Dzino lake analitalikitsa dala kuti lizikhala loyamba kulowa ndi lomaliza kutuluka.

Ndili mwana, pa famu ya fodya pomwe agogo anga ankagwira ntchito atachoka ku Nyasaland, tinkakumba ngalande kuzungulira nyumba za m'komboni mvula isanagwe. Madzi akapeza ngalande ankaitsata, osalowa m'nyumba. Waya wachitatu ndiye ngalande ya magetsi. Pulasitiki wokuta mawaya akang'ambika, mwina chifukwa cha kukhalitsa, mwina makoswe atatafuna, magetsi amafika pa chitsulo cha firiji kapena cha sitovu. Ngalande ikakhalapo, iwo amathamangira m'nthaka. Ikasowa, amadikira munthu woyamba kukhudza chitsulocho, nadutsa m'thupi mwake mpaka kutulukira kumapazi. Woima pansi ponyowa wopanda nsapato ndiye ali pangozi yaikulu, pakuti magetsi a m'nyumba, a mavoliti pafupifupi 230, angathe kusokoneza kugunda kwa mtima.

M'bokosi la maswichi la nyumba zambiri muli mlonda wina. Imeneyi ndi swichi yomwe imayerekeza magetsi otuluka pa waya wabulawuni ndi obwerera pa wabuluu, monga m'busa awerengera mbuzi m'mawa ndi madzulo. Obwerera akapelewera, ndiye kuti ena adonthera panjira, mwinanso kudzera mwa munthu. Odonthawo akafika mamiliampeya 30, swichiyo imazima isanathe sekondi imodzi. Ketulo payokha imakoka magetsi ochuluka kuposa pamenepo pafupifupi maulendo 300, choncho mlondayu ali ndi diso lakuthwa zedi. Pambali pake pali kabatani koyesera, komwe akulu ayenera kumakadina nthawi ndi nthawi.

Nkhani ya kompyuta ndi yosiyana pang'ono. Zipangizo zotere zili ndi tizigawo tosefa magetsi kuti zisasokoneze wailesi ndi zipangizo zina zoyandikana nazo. Tizigawoti timatayira magetsi ochepa kwambiri mu waya wopita m'nthaka nthawi zonse, ngakhale palibe chaonongeka. Apa wayayo ali ndi ntchito ziwiri: kuteteza munthu ndi kuthandiza chipangizo kugwira ntchito bwino. Makompyuta akachuluka m'chipinda chimodzi, timadontho tawo timaphatikizana mpaka mlonda uja kuzimitsa magetsi. Zikatero, ena amakwiya nafuna kumuchotsa, ena amadula waya wachitatu. Kumeneko ndi kukwirira ngalande mvula ili m'mutu. Choyenera ndi kuitana katswiri wa magetsi kuti agawe makompyutawo pa mizere ingapo.

Nanga zipangizo za mawaya awiri okha? Zambiri mwa izo anazikuta kawiri, ndipo zili ndi chizindikiro cha kabokosi kali m'kati mwa kabokosi kena. Pitani mukafunefune chizindikirocho pa chaja ya foni ya kwanu. Koma mukakhudza firiji, sitovu kapena mpopi n'kumva kunyerenyetsa m'zala, chotsani dzanja, musakhudzenso, ndipo uzani munthu wamkulu nthawi yomweyo kuti azimitse magetsi pa bokosi.