Mkaka ndi woyera, koma mkati muli mitundumitundu

Anzanga, kamchemwali kanga ka chaka chimodzi kakangomwa mkaka wa ng'ombe kamatuluka zidzolo thupi lonse. Kuchipatala anati vuto ndi mapuloteni a mumkakamo. Ine zinandizunguza mutu. Mwanayu wakhala akuyamwa chibadwire osadwala, nanga mkaka wa m'mawere mulibe mapuloteni?

Tsiku lomwe tinkapanga Biuret test mu Biology, tinathira sodium hydroxide ndi madontho a copper sulphate mumkaka, ndipo unasanduka wapepo. Ndinakweza dzanja n'kufunsa za mwana uja. Aphunzitsi anati Biuret imangotiuza kuti puloteni ilipo, basi. Siitiuza kuti ndi iti.

Mitundu iwiri ikuluikulu mumaidziwa kale. Chambiko chikagwira, zibuluma zoyera zija ndi casein, yomwe ndi pafupifupi magawo 80 pa 100 a mapuloteni a mkaka wa ng'ombe. Madzi achikasu otsala aja ndi whey, ndipo namonso muli mapuloteni angapo.

Kuti awaone payekhapayekha, asayansi amagwiritsa ntchito njira yotchedwa gel electrophoresis. Amasakaniza kamkaka pang'ono ndi mankhwala okhala ngati sopo otchedwa SDS, n'kutenthetsa. Puloteni iliyonse imawongoka ngati ulusi n'kukhala ndi chaji ya negativi. Kenako amadontheza m'timaenje pamwamba pa jelo yopyapyala yomwe ili ndi timipata tosaoneka ndi maso, n'kuyatsa magetsi. Zonse zimathamangira kumbali ya pozitivi, kumunsi.

Apa m'pamene pandisangalatsa. Taganizani tinjira tapakati pa nyumba kuno ku Ching'ambo. Mwana wopanda katundu amangoti psiti, wadutsa. Bambo wosenza matiresi amakodwa pakona paliponse. Mujelo ndi chimodzimodzi: mapuloteni aang'ono amafika kutali, aakulu amatsalira. Akazimitsa magetsi amaviika jelo ija mu utoto wa Coomassie blue, ndipo pamaoneka timizere tabuluu ngati makwerero. Mzere uliwonse ndi gulu la mapuloteni a msinkhu umodzi. Kapangidwe kamene ma labu ambiri amatsata lero kanafalitsidwa ndi Ulrich Laemmli mu 1970.

Tsono mukayika mkaka wa ng'ombe ndi wa munthu moyandikana, mizere siifanana. Wa ng'ombe uli ndi mizere yonenepa ya casein, ndipo kumunsi kwake kuli mzere wa beta-lactoglobulin. Mumkaka wa munthu puloteni imeneyi mulibiretu. Matupi a ana ena amaiona ngati mdani n'kuyamba kulimbana nayo, zidzolo n'kutuluka. Ena imawavuta ndi casein ya ng'ombe. Musasokoneze ndi aja amatsegula m'mimba chifukwa cha lactose, ameneyo ndi shuga, nkhani ina.

Makina ake mu labu yathu mulibe, ndangoona pachithunzi pafoni ya aphunzitsi. Koma nditawajambulira mayi mizere ija pakope, anasiya zomayesa kumwetsa mwana mkaka wothira madzi poganiza kuti unangokhala wamphamvu kwambiri. Madzi sachotsa mzere ngakhale umodzi, amangouchepetsa.