Mabuku a nkhani zazitali m'kalasi la Chinyanja

Mwana wa ku Benga kapena ku Zóbuè akamaona mabuku a Chipwitikizi okhaokha, amayamba kuganiza kuti chilankhulo cha kwawo n'cha pamtondo basi. Muonetseni Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara la mu 1933, lomwe linapata mphotho pa mpikisano wa zolemba m'zilankhulo za mu Africa. Limalondola moyo wa Mchewa kuyambira kubadwa mpaka kulowa ufumu, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Kalembedwe kake n'kakale, choncho muziyamba ndi kuwawerengera ana mokweza musanawapatse bukulo. Kwa ocheperapo, Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe n'lofewerapo. Zosowa kwenikweni ndi nkhani zopeka za sayansi: ngakhale Shadreck Chikoti wa ku Malawi analemba Azotus the Kingdom m'Chingerezi.